Nsomba Zofanana Nkhope, Zosiyana Mtundu

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli anthu ambiri amene amaŵeta nsomba m'mabokosi a galasi m'nyumba zao, pofuna kungokondwera ndi maonekedwe ake. Mwa nsomba zimene amazikonda muli ina yochedwa mbu, yopezeka mu mtsinje wa Congo ndi m'nyanja ya Tanganyika. Nsombayi ikaopsedwa imameza madzi nifufuma ngati mpira. Ikakhala yaing'ono imakhala ya maŵangamaŵanga, kotero kuti munthu wosadziŵa angaiyese mbale wake wa ku Congo komweko, amene akatswiri amamutcha Tetraodon schoutedeni. Koma mbaleyo amalekeza kukula pa masentimita ngati 10, pamene mbu imapitirira masentimita 60. Wogula mosayang'anitsitsa amadzazindikira mochedwa, maŵanga aja atasanduka mizere yokhotakhota, ndipo bokosi lake litachepa.

Kuno ku Kasungu mabokosi a galasi otere ngosoŵa, komabe vuto lomweli lafika pakhomo pathu. Poona kuti mtengo wa fodya sudalirika chaka ndi chaka, mabanja ena akukumba maiŵe m'madambo kuti aziŵeta nsomba za ndiwo ndi zogulitsa. Tiana ta nsomba timene amagula, totalika ngati chala, timafanana kwambiri. Tsono makolo ndi achinyamata okondedwa, tiyeni tidziŵe nsomba zitatu zimene mŵeti ayenera kuzisiyanitsa.

Yoyamba ndi makumba, nsomba yathu yoŵetedwa kwambiri m'Malaŵi muno. Igwireni bwino ndi dzanja lonyoŵa, nimutambasule chipsepse cha kunsi, chapafupi ndi mchira. Kutsogolo kwa chipsepsecho kuli minga yolimba. Makumba kaŵirikaŵiri amakhala ndi minga 4, pamene abale ake amakhala ndi 3. Yaikazi imafungatira mazira m'kamwa kufikira ataswa. Makumba amanenepa ndi madeya ndiponso tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi obiriŵira, n'chifukwa chake alangizi amati tizithira manyowa m'dziŵe.

Yachiŵiri ndi chilunguni. Ichi chimadziŵika ndi kufiira kwa pachifuwa ndi pamimba. Sichisunga mazira m'kamwa ai. Chimakumba chisa pansi pa dziŵe, ndipo chachimuna ndi chachikazi zimalondera anao pamodzi. Chakudya chake chenicheni ndi masamba, monga a chinangwa, a mbatata ndi udzu wanthete. Munthu wosasiyanitsa ziŵirizi angataye miyezi akuponyera masamba nsomba yosaŵasamala kwenikweni, kenaka nadandaula kuti ulimi wa nsomba ulibe phindu.

Yachitatu njachilendo, ndiyo tilapiya ya ku Nile. Chizindikiro chake chili kumchira: chipsepse cha mchira chili ndi mizere yakuda yambiri, yoima mondondozana kuchokera pamwamba kufika pansi. Nsombayi imakula msanga, ndipo m'maiko ena imaŵetedwa m'mafamu akuluakulu. Wogulitsa mbeu angakukopeni ndi mau akuti iyi ndiyo ya phindu. Musafulumire kulola.

Dziŵe la m'dambo silikhala palokha. Mvula ikachuluka m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, madzi amasefukira, ndipo nsomba zimatuluka nao. Madambo athu amatsanulira m'mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, imene imakathira m'nyanja ya Malaŵi m'boma la Nkhotakota. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake malo otetezedwa a ku Cape Maclear, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, anaikidwa ndi bungwe la UNESCO m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984.

Tilapiya ya ku Nile ndi mbale wa makumba ndi chambo. Ikaloŵa m'madzi a abale ake imaŵalanda chakudya ndi malo oswerana, ndipo imatha kukwerana nao, mtundu weniweni nusokonezeka. Ku nyanja ya Victoria inaloŵetsedwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba ya komweko yochedwa ngege inatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Ku Zambia inathaŵa m'maiŵe niloŵa mu mtsinje wa Kafue, kumene yasakanizika ndi nsomba za komweko. M'chaka cha 2013 akatswiri analengeza kuti aipeza ku Tanzania, m'dera limene madzi ake amatsikira m'nyanja yathuyi. Chambo nachonso chili kale pa mavuto: m'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu yake itatu m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutha. Mlendo wotere angachimalize.

Lamulo la za nsomba la m'chaka cha 1997 limaletsa kuloŵetsa nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Koma mlangizi sangaime pa dziŵe lililonse. Mlonda weniweni ndi mwini dziŵe. Chotero pogula mbeu, funsani kumene yachokera, ndipo pemphani kuona nsomba zazikulu zimene zinaswa tianato, pakuti pa zazikulu zizindikiro zimaoneka bwino. Ŵerengani minga, yang'anani pamimba, tambasulani mchira. Mukakayika, pitani kwa alangizi a za nsomba a m'boma lanu musanathire kanthu m'madzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Inu achinyamata, ntchito iyi ikukuyenerani, popeza maso anu ngakuthwa kuposa athu. Mwakula mukuona makolo anu akusankha fodya tsamba ndi tsamba, akusiyanitsa magiredi amene mlendo angati ndi amodzi. Luso lomwelo litengereni ku dziŵe. Nsomba ikabwera pakhomo, musanaipale mamba, iikeni pa mbale, nimujambule zipsepse zake m'kope, ndi kulemba dzina lake ndi kumene yagwidwa. Phunzitsaninso ang'ono anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Woŵeta mbu m'galasi akalakwitsa amangotaya ndalama zake. Ife tikalakwitsa, nsomba yolakwikayo idzatsika ndi Bua, ndipo palibe khoka limene lidzaichotse m'nyanja.