Mphete Yothyoka Ili ndi Mtengo Wake

Mphete kapena ndolo ikathyoka, golide wake saguga. Wogula zoterezi salabadira kukongola kwake; amangoika pasikelo, n'kukasungunula. Tsono musanagulitse, onani nambala yodindidwapo. 375 itanthauza makarati 9. 750 itanthauza makarati 18, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi ndi golide weniweni. Kufikira 1971 boma la America linkaŵerengera aunsi imodzi madola 35, koma mu 2020 mtengowo unapitirira madola 2,000. Nanga mutayirenji chuma chotere kwa wogula woyamba? Ndalama za sukulu zikakupanikizani, gulitsani ndithu, koma muyambe mwafunsa kwa ogula aŵiri kapena atatu, pakuti mphete ya amayi anu ikaloŵa m'ng'anjo sibweranso. Safunsa anadya phula.