Woumba njerwa nayenso ndi mwini nyumba

Pansi pa minda ndi midzi ya m'malire a Switzerland ndi France, pafupi ndi mzinda wa Geneva, pali ngalande yozungulira ngati mphete, yotalika makilomita 27. M'menemo bungwe la CERN, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1954, limathamangitsa mapulotoni, tinthu ta m'kati mwa atomu, pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la kuwala, kenako n'kuwawombanitsa kuti aone chimene chituluke. Makinawa dzina lake ndi Large Hadron Collider. Pa malo anayi pomwe kuwombanaku kumachitikira adaimikapo makina ena ojambula zotulukazo, ndipo aakulu mwa onse ndi ATLAS, otalika mamita 46, okwera mamita 25, olemera matani 7,000, okhala m'phanga lakuya mamita pafupifupi 100. M'mimba mwa chimphona chimenechi muli timabokosi topereka magetsi, ndipo udindo wopanga theka la tizipangizo tatsopano ta m'timabokosimo udaperekedwa kwa aphunzitsi, amisiri ndi ophunzira a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, imene ambiri amangoti Wits. Ena akamva zimenezi amapukusa mutu, ati anthu ophunzira chotere angathere zaka pa kabodi ka magetsi? Ine ndikuti adasankha bwino. Yunivesite yofuna mpando pa bwalo la sayansi yaikulu iyenera kusenza kanthu kamodzi kooneka konyozeka, koma koti kakalephera onse aima, ndipo phindu lalikulu la ntchito yotere limatsala kwawo kwa wopangayo.

Tiyambe ndi mmene makina oterewa amamangidwira, chifukwa ambiri amaganiza kuti CERN idangoitana kampani imodzi n'kuilipira. Ngalande ndi maginito ake n'zimene bungweli lidamanga makamaka ndi ndalama za mayiko omwe ndi mamembala ake. Makina ojambulawo gawo lawo lalikulu lidachokera ku mayunivesite ndi malo ofufuzira a m'mayiko ambiri, aliyense ndi thumba la boma lakwawo. Ntchito ya ATLAS idayamba kukonzedwa mu 1992 ndipo idatha kumangidwa mu 2008. Chigawo china cha m'katikati, chimene chimatsata njira ya tinthu totuluka pa kuwombana, chidalumikizidwa ku Oxford, mbali yake ina ku Liverpool, ina ku Amsterdam. Zitsulo za chigawo choyeza mphamvu zidasanjidwa ku Dubna ku Russia, ku Barcelona, ndi ku Argonne pafupi ndi Chicago. Zonsezi zidakakumana ku Geneva, ndipo zidayenera kulowana bwinobwino ngakhale zidapangidwa ndi manja osadziwana. Lero gulu la ATLAS lili ndi asayansi pafupifupi 3,000 ochokera m'mayiko pafupifupi 40, ndipo South Africa idalowamo mu 2010. Mutu umodzi susenza denga, ndi zoona, koma denga la ATLAS lili ndi lamulo loonjezera: wosenza aliyense amadziwika kuti wagwira phaso liti, ndipo likagwera mbali yake palibe pobisala.

Phaso la a ku Wits lili m'chigawo chotchedwa Tile Calorimeter. Chigawochi ndi mulu wa zitsulo zosanjidwa mosinthana ndi timatailosi ta pulasitiki. Kanthu kochokera pa kuwombana kakadutsamo, pulasitikiyo imaphethira kuwala pang'ono, tizingwe towala timanyamula kuphethirako kupita ku timachubu pafupifupi 10,000, ndipo timachubuto timakusandutsa magetsi oti kompyuta iwerenge. Kuti zida zowerengerazi zigwire ntchito zimafuna magetsi ochepa koma osagwedezeka. Ndiye pali mabokosi 256, lililonse lokhala ndi tizipangizo tisanu ndi titatu, tonse pamodzi 2,048. Eni ntchitoyi amatitchula kuti njerwa. Njerwa imodzi ndi kabodi kokwana pachikhatho, kofanana ndi kamene munthu amaona akatsegula wailesi, kali ndi thiransifoma yake yaing'ono pakati. Ntchito yake ndi imodzi basi: kulandira magetsi a mavolti 200 n'kuwatsitsa kufika pa 10. Njerwa 1,024 n'za Wits, zinazo n'za yunivesite ya Texas ku Arlington. Chovuta n'chakuti njerwayi imakakhala m'kati mwenimweni mwa makinawo, momwe muli radiyeshoni yodya zida zamagetsi pang'onopang'ono ndiponso mphamvu ya maginito yosokoneza mathiransifoma wamba. Makina akayamba kuyenda, chitseko chimatsekedwa, ndipo mmisiri sangalowemo ndi sikuludilaiva mpaka nyengo yopumira itakwana.

Amene akuti kanthu kotere n'kachabe akumbuke zimene zidachitika mu September 2008. Pa 10 mwezi umenewo dziko lonse lidaonerera mapulotoni oyamba akuzungulira ngalande ija. Patangopita masiku asanu ndi anayi, polumikizira magetsi pamodzi pakati pa maginito awiri, pomwe padali posawotcherera bwino, padatentha n'kuthetheka. Mpweya wozizitsira wa hiliyamu wokwana matani angapo udaphulika n'kutuluka, maginito 53 adachita kutulutsidwa kunja kuti akakonzedwe kapena kusinthidwa, ndipo makina onse adakhala chete mpaka November 2009. Nzeru zonse za akatswiri a masamu zidadikira chaka chathunthu chifukwa cha mfundo imodzi. Tile Calorimeter nayo ili ndi mbiri yake: m'zaka zoyamba mabokosi ake a magetsi ankazima okha pafupipafupi kuwombana kukachuluka, mpaka adasinthidwa pa nyengo yopumira ya 2013 ndi 2014. N'chifukwa chake njerwa yatsopano siichoka ku Johannesburg isanalowe mu uvuni. Zida zamagetsi zili ndi khalidwe lofa zikadali zatsopano ngati zili ndi chilema chobisika, apo ayi zimafa ndi ukalamba. Choncho amaziika m'bokosi lotentha, kuzisenzetsa katundu wa magetsi kwa maola angapo, kuti yofooka ifere pomwepo. Woumba njerwa kumudzi amadziwa zimenezi: yosapsa bwino ndi bwino isweke pa uvuni kusiyana n'kuti ikasweke khoma litafika pa zenera.

Wina angafunse kuti, ngati nkhani ndi kupanga timabodi, bwanji osangopatsa kampani ya zamagetsi, aphunzitsi n'kumaphunzitsa? Makampani amagwiradi nawo ntchitoyi, ndipo ndi amene amadinda mabodi ndi kumatapo tizida. Koma kudziwa chimene kabodiko kayenera kupirira, kukayesa, ndi kuyankha kakavuta, n'za anthu amene adzagwiritse ntchito zotuluka m'makinawo. Chifukwa chake chili m'mtima mwa kafukufukuyu. Kanthu kotchedwa Higgs, kamene magulu a ATLAS ndi CMS (makina ena ojambula a pa ngalande yomweyo) adalengeza pa 4 July 2012 kuti akapeza, kamabadwa kamodzi pa kuwombana kopitirira biliyoni, ndipo kamatha nthawi yomweyo, n'kungosiya zizindikiro. Munthu wosaka chinthu chosowa chotere ayenera kudziwa kusiyanitsa chizindikiro chenicheni ndi phokoso la makina ake omwe. Magetsi akagwedezeka pang'ono m'chigawo chimodzi, mphamvu yoyezedwa pamenepo imaoneka yopereŵera, ndipo wosadziwa angaganize kuti watulukira chachilendo pomwe ndi njerwa yatsokomola. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Wophunzira amene adakhalapo pa benchi yoyesera, akuyang'ana mzere wa magetsi ukunjenjemera pa sikirini, amaŵerenga manambala a ku Geneva ndi diso lina kusiyana ndi amene adangowalandira pa intaneti.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemerapo: kodi iyi si ganyu chabe, ena kuumba njerwa, ena kugona m'nyumba? Pali pogwira. Mphotho ya Nobel ya 2013 idapita kwa anthu awiri, Peter Higgs ndi François Englert, amene adalosera za kanthuka pa pepala mu 1964, ndipo mwa anthu zikwizikwi amene adamanga makina otsimikizira ulosiwo palibe adaitanidwa kukalandira. N'zoonanso kuti South Africa si membala wa CERN, kotero ilibe voti pomwe amagamula za ndalama ndi tsogolo la bungwelo. Koma waganyu amalipidwa n'kuuzidwa kuti azipita, pomwe mu ATLAS wopanga chigawo ndi mwini wa zonse zotuluka. Munthu asanaloledwe kusaina nawo zolemba za gululi amayamba wagwira ntchito yothandiza makinawo kwa pafupifupi chaka, kaya achokera ku yunivesite yotchuka bwanji. Akatero dzina lake limalowa pa mndandanda wotsata alifabeti, mopanda kuyang'ana kuti uyu ndi pulofesa, uyu ndi wophunzira. Pepala limene ATLAS ndi CMS adalemba limodzi mu 2015 lonena za kulemera kwa Higgs lidali ndi mayina 5,154. Mu 2025 mphotho ya Breakthrough idaperekedwa kwa magulu anayi onse a pa ngalandeyo monga magulu. Njerwa, tsono, ndi msonkho wolowera, ndipo wopereka amapeza ufulu wofufuza m'nkhokwe yonse ya zojambulidwa mofanana ndi mnzake wa ku Oxford.

Chotsutsa chachitatu ndicho chobaya kwambiri, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mwachibwana. South Africa yakhala zaka zambiri magetsi akuzimazima, achinyamata ambiri alibe ntchito, ndiye yunivesite yake ikutumiza magetsi osagwedezeka ku phanga la ku Ulaya? Higgs sakhutitsa mimba, ndipo amene amanena kuti adzakhutitsa akunama. Okonda CERN amathamangira kukumbutsa kuti njira imene timatsegulira masamba pa intaneti idabadwira kumeneko, m'maganizo a Tim Berners-Lee mu 1989, ndipo bungwelo lidaipereka kwaulere mu 1993. N'zoona, koma mwayi wotere sukonzedwa, ndipo boma silingaike ndalama pa chinthu poyembekeza kutola chikwama panjira. Yankho lolimba lili pafupi. Njerwa zikakwera ndege, chimene chimatsala ku Johannesburg ndi benchi yoyesera, uvuni uja, kaundula wa kabodi kalikonse ndi mbiri yake, makampani a m'dzikomo amene adakakamizika kufika pa muyeso wosanyengerera, ndi achinyamata amene aphunzira kupanga zinthu chikwi chimodzi zofanana ndendende. Luso limeneli ndi lomwe limafunika pa makina a m'chipatala, pa zida za m'migodi, ngakhale pa magetsi a dzuŵa. Dziko limene zinthu zimafa kaŵirikaŵiri chifukwa chosasamalidwa ndilo likusoŵa kwambiri anthu ozoloŵera kufunsa kuti, kodi ichi chidzakhala chikugwirabe ntchito zaka khumi zikubwerazi?

Pali oti anthu ophunzitsidwa chotere amathera kunja. Ena amapitadi. Koma wophunzira wanzeru amene kwawo kulibe ntchito yoyenera nzeru zake amachoka msanga kuposa amene ali ndi benchi yomudikira, ndipo kulikonse ambiri mwa omaliza maphunziro otere amasiya za atomu n'kukalowa m'mafakitale, m'mabanki ndi m'makampani a makompyuta, atanyamula chizoloŵezi chija. Komabe zimene ndikunenazi zili ndi malire. Yunivesite ikangolipira kuti dzina lake lilembedwe, ntchito yeniyeni n'kumagwiridwa ndi anthu aŵiri okhala ku Geneva, phindu lonse ndatchulali palibe. Ntchito iyenera kuchitikira kwawo, m'manja mwa ophunzira. Ndipo boma lolonjeza liyenera kudziwa kuti lalonjeza kwa nthawi yaitali. Njerwa zatsopanozi n'zokonzekera nyengo imene makinawa adzawonjezeredwe mphamvu kuti kuwombana kuchuluke kangapo, cha m'ma 2030, ndipo zidzayenera kupirira zaka zoposa khumi. America idaonetsa mtengo wa kusintha maganizo pakati pa ulendo: mu 1993 aphungu ake adaimitsa ntchito yomanga makina aakulu kuposa awa ku Texas, madola pafupifupi mabiliyoni aŵiri atalowa kale, ngalande n'kutsala yopanda kanthu. Walira mvula walira matope.

Yunivesite iliyonse ya m'dziko losalemera imakumana ndi mayesero ofuna kuoneka yaikulu, kulemba mapulani a zinthu zimene singathe kumaliza. A ku Wits adatenga njira ina. Sadanene kuti amanga ATLAS. Adati, tipatseni kabodi aka, tipanga 1,024, ndipo muzatifunse ife kakavuta. Malipiro a ntchito yotere ndi achilendo, chifukwa njerwa ikagwira bwino palibe adzaitchule. Mapulotoni adzawombana, pulasitiki idzaphethira, manambala adzayenda, ndipo tsiku lina wina adzaimirira pa msonkhano kulengeza chimene chapezeka, osaganizako n'komwe za mavolti 10 amene sadagwedezeke usiku ndi usana. Kusatchulidwa kumeneko ndiye umboni woti ntchito idagwirika. Khoma likapakidwa pulasitala njerwa siioneka, koma nyumbayo yaima pa iyo, ndipo amene adaiumba ali ndi kiyi wake.