Vampaya wopanda malamulo saopsa

Bram Stoker polemba buku la Dracula, lomwe linatuluka mu 1897, anamanga chilombo chake ndi malamulo okhwima. Count Dracula, bwana wopopa magazi wa ku Transylvania, sangalowe m'nyumba koyamba pokhapokha wina wa m'nyumbamo atamuitana. Saoneka pagalasi, amathawa adyo ndi mtanda, ndipo tulo amatipeza m'dothi la kwawo lokha, n'chifukwa chake popita ku England anatumiza mabokosi 50 a dothi. Mphamvu ya nkhaniyi yagona pa malire amenewa. Van Helsing ndi anzake, omwe akulimbana ndi Dracula, ali ndi pogwira, amasaka mabokosiwo limodzilimodzi mpaka mdaniyo kusowa pobisala. Nayenso wowerenga, poti malamulowo akuwadziwa, mtima umamugunda mayi ake a Lucy, mtsikana amene Dracula akumupopa magazi, akamachotsa maluwa a adyo m'chipinda cha mwana wawo n'kutsegula zenera, iwo akuyesa akumuthandiza kupuma bwino.

Ena anganene kuti malamulowa alibe ntchito popeza wolemba aliyense amawasintha. Kusinthako n'zoona. Dracula wa Stoker amayenda masana m'misewu ya London, dzuwa limangomuchepetsa mphamvu. Zoti vampaya amafa ndi kuwala kwa dzuwa zinatchuka ndi filimu ya ku Germany ya Nosferatu mu 1922, ndipo mu Twilight ya Stephenie Meyer, ya mu 2005, khungu lake limangonyezimira padzuwa, zomwe ambiri amaseka nazo. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti wolemba ali ndi ufulu woika malamulo a dziko lake. Akawaika, ufulu wowaphwanya pakati pa nkhani chifukwa chakuti zamuthina alibenso. Ndipo lamulo limodzi silichotseka, ludzu la magazi a munthu. Ngakhale banja la mavampaya la a Cullen mu Twilight, lomwe linasankha kumwa magazi a nyama zakutchire, limakhala likulimbana ndi ludzulo, ndipo chikondi cha Edward wa m'banjalo ndi Bella, yemwe ndi munthu, chikanakhala chozizira popanda ngozi imeneyi.

Chodandaula chachikulu kuno kwathu n'china: kodi nthano zotere sizikolezera mphekesera za anamapopa? Funsoli si lachibwana, chifukwa mu 2017 anthu anaphedwa m'chigawo chakummwera powaganizira kuti akupopa magazi, mpaka bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Komatu namapopa wa mphekesera alibe lamulo lililonse lomuzindikirira. Mlendo, wachipatala, wodwala misala, aliyense angalozedwe chala, ndipo alibe njira yodziyeretsera. Vampaya wa m'buku amakhala m'dziko lomwe wowerenga walowamo akudziwa kuti n'lopeka.

Olemba achinyamata amene mukuyesa nkhani zoterezi, yambani mwalemba zimene chilombo chanu sichingathe kuchita, kenako muzisunge mpaka tsamba lomaliza.