Mwana wa ku Neno naye auone mzinda

Sukulu zikangotsekera, m'makomo ambiri a ku Chilomoni, Ndirande, Zingwangwa ndi Namiwawa mumamveka funso limodzi: kodi anawa tikawayendetse kuti? Ndi funso labwino, ndipo ife a nyuzipepala ino tikuyamikira kholo lililonse lomwe limadzifunsa funsoli mmalo mosiya ana kuti aleredwe ndi wailesi yakanema. Chomwe chikutidandaulitsa ndi yankho lomwe ambiri a ife timapereka. Timawakweza minibasi anawo, kukawatsitsa pa Chichiri, kuwagulira tchipisi ndi ayisikilimu, kuwajambula chithunzi pakhomo pa sitolo yaikulu, basi ulendo wathera pomwepo. Mwana amabwerera kunyumba ataphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti mzinda ndi wa anthu a ndalama.

Chonsecho pafupi pomwepo, poti nkuyenda wapansi, pali nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ija timangoti ku Museum, yomwe inatsegulidwa pa Chichiri m'chaka cha 1966. Pabwalo pake pali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, basi yakale ndi galimoto yozimitsira moto ya m'nthawi ya atsamunda, zinthu zomwe mwana aliyense, ngakhale wosamva, amaima nkuziyang'ana kukamwa kuli yasa. M'katimo muli zida za makolo athu komanso mwala wolemera makilogalamu oposa 90 womwe unagwa kuchokera kumwamba m'boma la Machinga mu 1981. Ndalama yolowera siingafanane ndi ya nkhuku ndi tchipisi za banja lonse.

Mukachoka apo mutha kupita nawo ku Mandala, kunyumba yosanja yomwe a kampani ya African Lakes anamanga mu 1882, mukawauze kuti dzinali linabwera kaamba ka mandala a m'maso omwe John Moir ankavala. Kenaka mukafike ku Mishoni, kutchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott yemwe anatsogolera ntchitoyi sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo omwe anaumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja anali anthu akuda a kuno komwe kuno. Mfundo yotsirizayi ndi yomwe mwana ayenera kuimva ali chiimire pansi pa khomalo, chifukwa mabuku ambiri amatchula mzungu yekha. Otsala ndi mphamvu angathe kukwera nawo ana phiri la Michiru, ngakhale kuti kumeneko chomwe akachione kwambiri ndi zitsa za mitengo yomwe inapita ku makala.

Komatu nkhani yathu lero siyagona pa mwana wa ku Namiwawa. Iye mzindawu ali nawo kale, ndipo makolo ake akachita ulesi chaka chino, chaka chamawa adzapita. Nkhani yagona pa mwana wa kwa Dambe, kwa Chekucheku, kwa Mlauli ndi kwa Symon m'boma la Neno, yemwe amaphunzira za amishoni, za malonda a ukapolo ndi za mzinda wa Blantyre pa bolodi, nkudzalemba mayeso a Sitandade 8 ofanana ndendende ndi a mnzake wa m'tauni, koma zinthu akulembazo sanazionepo ndi maso.

Tikutchula Neno mwadala. Boma limeneli, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003 ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 138,000, silili kutali ndi Blantyre. Kuchokera pa Zalewa kufika m'tauni ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa minibasi. Ndipo palibe tsiku lomwe munthu wa mu Blantyre amagona osagwiritsa ntchito kanthu kochokera mbali imeneyi. Magetsi omwe amaunikira masitolo a pa Chichiri aja amapangidwa pa mtsinje wa Shire pomwe Neno wachita malire ndi Blantyre: pa Nkula, pomwe makina oyamba anayamba kuzungulira mu 1966, ndi pa Tedzani, pomwe anayamba mu 1973 nkudzaonjezera gawo lachinayi mu 2021 ndi thandizo la dziko la Japan. Mbatata ya kachewere ya m'mapiri a kumtunda kwa Neno ndi ina mwa yomwe imasanduka tchipisi tija. Manachesi amatsika kuchokera komweko ndi ku Mwanza. Ngakhale makala, omwe tonse timawadzudzula masana nkuwagula madzulo, ambiri amaoloka pa mlatho wa Zalewa. Katundu yense wa ku Neno amaidziwa njira ya ku Blantyre. Yemwe saidziwa ndi mwana yekha.

Chifukwa chake sichobisika. Pamene Neno amakwanitsa zaka 20 ali boma paokha mu 2023, msewu wa tala unali usanafike pa likulu la bomali. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza walonjezedwa ndi atsogoleri a zipani zosiyanasiyana pa misonkhano yokopa anthu, ndipo sitikuloza chala chipani chimodzi, poti onse akhalapo pampando. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'dera lomweli nkumalizika m'zaka zochepa, umboni wakuti mapiri ndi mitsinje ya ku Neno sizinakanikepo akatswiri. Malasha anapeza njira yake msanga. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumtunda, yemwe akudziwa momwe misewu ya dothi imaterera mvula ikagwa komanso mtengo womwe mwini galimoto angamuuze, sangalote nkomwe zonyamula ana 60 kupita nawo m'tauni.

Ena anena kuti a nyuzi ino asowa cholemba. Anthu alibe feteleza, m'zipatala mankhwala akuperewera, inu mukukamba zokaona malo? Tamva, ndipo za feteleza tidzalemba monga timalembera nthawi zonse. Koma tiyeni tikumbutsane pomwe tachokera.

M'nthawi ya chipani chimodzi ana a sukulu ankayenda ndithu. Ankawatulutsa m'kalasi kukawandandalika m'mbali mwa msewu padzuwa kuti aombe m'manja Ngwazi ikamadutsa. Ankawaphunzitsa maperete kwa masabata kuti akaonetse pa sitediyamu nthawi ya Youth Week. Malole onyamula mbumba ankapezeka, mafuta ankapezeka, ndipo panalibe boma lomwe linali kutali kwambiri moti nkulisiya. Boma lija likafuna manja oomba, nkhani ya misewu yoipa siinkamveka. Tinaukana ulamuliro umenewo pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo tinachita bwino. Funso nkumati: ngati ulamuliro wankhanza unkatha kupeza lole yoti anthu akaombere m'manja munthu mmodzi, zikutheka bwanji kuti demokalase ya zaka zoposa 30 ikulephera kupeza basi yoti mwana akaone chuma cha dziko lake?

Malamulo aakulu a dziko lino omwe tinalemba titalowa matipate akunena mu gawo 39 za ufulu wa munthu aliyense woyenda m'dziko muno, ndipo gawo 30 likunena za ufulu wa chitukuko, nkutchula ana mwapadera. Dziko la Malawi linavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe ndime yake ya 31 ikukamba za kupuma, kusewera ndi kutenga nawo mbali pa zachikhalidwe. Lero palibe wa Payoniya kapena wa Yufi yemwe angakutsitseni m'basi chifukwa mulibe khadi la chipani. Koma kwa mwana wa kwa Dambe kusiyana kwake nkochepa, poti basi yoti amutsitsemoyo siifika nkomwe kwawo.

Pali chinanso chomwe chimatiopsa. Njala ya ana yofuna kuona zinthu ndi yaikulu, ndipo ikasowa kolowera imapha. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ana, anafa pa mpanipani wa pachipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe pa tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira. Anapita kukaonera zaulere, chifukwa zaulere za ana m'mizinda yathu zimabwera kamodzi pa chaka. Nchifukwa chake sitikupempha chionetsero china chachikulu cha tsiku limodzi, cha malole odzaza ndi nduna yodula riboni. Tikupempha maulendo ang'onoang'ono, sukulu imodzi lero, ina sabata yamawa, m'miyezi yopanda mvula, pa basi yokhala ndi mipando, aphunzitsi okwanira, makolo atavomereza.

Zimenezi sizifuna ngongole ya ku World Bank. Nthambi ya boma yoyang'anira ma Museum itha kulengeza kuti sukulu za m'maboma akumudzi zizilowa ulere masiku ena a teremu iliyonse. Khonsolo ya Neno ndi aphungu a kumeneko athe kupatula kangachepe pa thumba la chitukuko la CDF kolipirira basi, ndipo tikukhulupirira kuti ovota angakondwe kuona ndalamazo zikunyamula ana awo kusiyana nkuti zizithera pa timilatho tomwe timakokoloka ndi mvula yoyamba. Mipingo ili ndi mizu mbali zonse ziwiri: a Anglican ali ku Matope, a Seventh Day ali ku Matandani kuyambira 1908, a CCAP ndi a Katolika ali ponseponse, ndipo onsewa ali ndi maholo mu Blantyre momwe ana angagone usiku umodzi nkudya nsima. A Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre ntchito yawo ndi yoteteza mabwalo omwe atsala, monga Njamba, kuti akhale a aliyense, aukhondo, okhala ndi zimbudzi ndi madzi. Malo aliwonse osewerera ana omwe asanduka poimikapo magalimoto kapena sitolo sabwereranso.

Tsopano mawu kwa inu akuluakulu omwe munabwerera kumudzi chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa. Ambiri a inu munalerera ana ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare ngakhalenso London, ndipo timakumvani mukusimba momwe munkawatengera ku Munda Wanga kapena ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'mizinda imeneyo. Mumadandaula kuti kuno kulibe kopita ndi adzukulu. Dandaulo lanu lili ndi mbali yoona, koma inu mukudziwa kuposa tonsefe tanthauzo la kumva za dziko lako m'makutu okha osaliona. Anthu a ku Neno nawo nkhani ya kuthawa kwawo amaidziwa: ndiwo analandira abale athu a ku Mozambique pa kampu ya Luwani nthawi ya nkhondo, ndipo kampuyo itatsekedwa mu 2007 inatsegulidwanso mu 2016 ena atathawanso. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mabanja khumi a ku Sunnyside kapena ku Nyambadwe atasonkha ndalama yomwe amaononga pa Loweruka limodzi, kalasi yonse ya Sitandade 7 ya ku Ligowe itha kuona Mandala, Museum ndi Mishoni tsiku limodzi. Anthu ochokera ku Neno omwe akugwira ntchito m'tauni, omwe amadziwa kusonkherana pakagwa maliro, angathenso kusonkherana pa za amoyo.

Ndipo basiyo isabwerere yopanda kanthu. Mwana wa m'tauni naye ndi mbuli pa mbali yake. Amaganiza kuti magetsi amachokera pakhoma ndipo madzi amachokera pampopi, osadziwa kuti madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kufupi ndi Nkula komweko. Tikupempha a EGENCO, omwe akhala akuyendetsa malo opangira magetsiwa kuyambira 2017, kuti akhale ndi masiku odziwika olandira sukulu za mbali zonse za mtsinje. Mwana yemwe waona ndi maso ake momwe matope ndi zinyalala zochokera kumtunda zimatsekera makina sadzafunikanso kumulalikira za kuipa kodula mitengo. Akaime pa mlatho wa Zalewa, aone matumba a makala, afunse mafunso ovuta, ndipo ife tiyankhe zoona.

Kwa ana okulirapo ulendowo utha kupitirira pa msewu wa ku Mwanza mpaka ku Thambani. Kumeneko mu May 1983, pomwe Neno anali akadali mbali ya boma la Mwanza, kunaphedwa nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti akuluakulu omwe anazengedwa mlanduwu khoti linawapeza osalakwa mu December 1995. Ena adzati amenewa si malo opitako ndi ana. Ife tikuti mnyamata kapena mtsikana wa Folomu 2 ndi wamkulu mokwanira kumva zimenezi, ndipo kuli bwino azimve kuchokera kwa agogo ake omwe anazipenya kusiyana nkudzazimva zopotozedwa pa msonkhano wa ndale.

Nyuzi ino ilemba dzina la sukulu iliyonse ya ku Neno yomwe ana ake afike pa Chichiri chaka chino, ndi dzina la khonsolo, mpingo kapena gulu lomwe lalipira basi. Tikamadzafika kumapeto kwa teremu yachitatu tidzasindikiza mndandandawo, utalike kapena ufupike, ndipo tidzafunsa a Unduna wa Zamaphunziro, a Khonsolo ya Neno ndi aphungu a kumeneko kuti aliyense anachitapo chiyani.