Foni yachonga, nanga aphunzitsi ali kuti?

Pali chizolowezi chimene chafala m'masukulu a sekondale, m'makoleji ndi m'malo a ma tuition muno mu Lusaka, ndipo ndifuna kuchikana poyera. Aphunzitsi aponya linki ya Google Forms mu gulupu ya WhatsApp, alemba kuti mutsirize 22 hours isanakwane. Ana ayankha, foni iwauza pamenepo pamenepo kuti mwapeza 11 pa 20, nkhani yathera pompo. Mawa lake kalasi yalowa mu topic ina. Palibe amene afunsa kuti mafunso 9 aja analakwika chifukwa chiyani. Ena akuti uku ndiye kupita patsogolo. Ine ndikamba kuti uku ndi kuthawa nchito, ndipo amene adzalipira ndi mwana uja pa tsiku limene adzakhala pansi ndi pepala la ECZ, bolopeni m'manja, foni itasiyidwa kunja.

Tonse tidziwa kumene zinayambira. Pa 20 March 2020 masukulu anatsekedwa chifukwa cha COVID-19, ndipo aphunzitsi anafunafuna njira iliyonse yofikira ana awo. Kumayambiriro kwa 2024 kolera inachedwetsanso kutsegula masukulu mpaka mu February. Pa nthawi ngati zimenezo, linki ya pa foni inathandiza zoona. Koma chinthu chimene chinabwera monga chothandizira pa tsoka chakhala manje njira ya masiku onse, ndipo ambiri achigwiritsa nchito mwa theka chabe: atenga mbali imene iwachepetsera thukuta, asiya mbali imene ithandiza mwana.

Tiyeni tione mmene makinawa achongera. Google inaika mbali ya quiz mu Forms mu 2016. Mphunzitsi alemba funso, aika yankho lolondola mu answer key, apereka mamakisi a funsolo. Mwana akatumiza mayankho, makina ayerekeza zimene walemba ndi zimene zili mu key. Zikafanana, wapata. Zikasiyana, waluza. Nzeru zake zonse ndi zimenezi. Makinawa sawerenga, samvetsa, afananitsa chabe.

Pa mafunso osankha A, B, C kapena D palibe vuto pa kufananitsa. Vuto liyamba pa mafunso a yankho lalifupi limene mwana alemba yekha. Funsani kuti Zambia inalandira ufulu liti, muike mu key kuti "24 October 1964". Mwana wina alemba "24/10/1964", wina "October 24, 1964". Onse awiri adziwa, koma kwa makina onse awiri alakwa. Funsani masamu amene yankho lake ndi 0.5, mwana alembe 1/2, zero. Funsani dzina la mathithi a ku Livingstone, muike "Victoria Falls", mwana alembe "Mosi-oa-Tunya", dzina limene eni malo analitcha kalekale David Livingstone asanafike mu 1855, zero. Forms imalola kuika mayankho olondola angapo pa funso limodzi, ndipo imalolanso mphunzitsi kubwerera kukachonga yekha mayankho amene sanafanane. Koma pali kabokosi kakuti mayankho ena onse akhale olakwa, ndipo kabokosi kameneka ndiye bwenzi la munthu waulesi. Akakadina, mwana wodziwa ndi mwana wosadziwa alandira zero imodzimodzi.

Ndiye kuti apewe chongo cha ana odandaula, aphunzitsi ambiri athawira ku mafunso osankha okhaokha. Apa ndiye pali msampha waukulu. Funso la mayankho anayi lipatsa munthu wongolota mwayi umodzi pa inayi. Pa mafunso 20, munthu amene sanatsegule buku ayembekezera kupata pafupifupi 5 mwa kudinadina chabe. Akachotsa mayankho awiri oonekeratu kuti ndi opusa, afika pafupi ndi theka. Nambala imene ituluka ioneka ya sayansi, koma siikuuzani ngati mwana angathe kufotokoza, kuwerengera kapena kulemba ndime yomveka. Mayeso a Grade 12 safuna kudina. Pa Mathematics Paper 2 mwana apatsidwa mamakisi pa njira imene wayendamo ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Pa English alemba composition ndi summary. Pa History alemba nkhani yathunthu. Mwana amene kwa zaka ziwiri wazolowera kudina B adzakumana ndi pepala loyera limene lifuna maganizo ake, ndipo dzanja lidzauma.

Za kukopera ndiye musakambe. Imwe amene muwerenga pano mudziwa bwino kuposa aphunzitsi anu. Mmodzi wanzeru ayamba kulemba, makina amuonetsa pamene walakwa ndi mayankho olondola, iye ajambula screenshot, aponya mu gulupu ina ija imene mulibe ba ticha. Pasanathe mphindi khumi kalasi yonse yapata 18. Wina akopa funso, aliika mu ChatGPT, abweza yankho. Google ili ndi locked mode yotsekera mwana kuti asatsegule zina pamene alemba, koma iseweza pa ma Chromebook oyang'aniridwa ndi sukulu okha, osati pa Tecno kapena itel ya m'thumba. Dziko lathu lavutika zaka zambiri ndi leakage pa mayeso a ECZ, anthu amangidwa, zotsatira za ena zafafanizidwa. Manje ise tiphunzitsa ana sabata iliyonse kuti tesiti ndi masewera a amene ali ndi mnzake wachangu, kenako tidabwa akafunafuna pepala lotuluka mu November.

Palinso funso limene linki siifunsa: ndani angathe kuitsegula? Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti kotero kuti m'makomboni ambiri anali kubwera maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Mwana wa ku Kabulonga kumene kuli solar ndi Wi-Fi anatsiriza tesiti atakhala pa sofa. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama anali kuyembekeza amake abwere kuchoka ku Soweto Market ndi foni imodzi ya nyumba yonse, batire ili pafupi kufa, bundle yatha. Nthawi ikakwana fomu itsekedwa, pa dzina lake palibe kanthu, ndipo mu buku la mamakisi palembedwa zero. Zero imeneyo siyapima mutu wa mwana. Yapima thumba la makolo ake. Boma linachotsa malipiro a sukulu mu January 2022 kuti mwana wa wosauka aphunzire naye. Tesiti imene ifuna foni ya intaneti ndi bundle ya Airtel, MTN kapena Zamtel ndi malipiro a sukulu amene abwerera pa khomo la kumbuyo.

Koma chimene chindipweteka kopambana ndi ichi: mbali yabwino kwambiri ya chida chimenechi ndi imene siitsegulidwa. Mukalowa pa Responses, Forms ikuonetsani avareji ya kalasi, mamakisi apakati, otsika ndi okwera, ndiponso mndandanda wa mafunso amene ana ambiri analakwa. Pa funso lililonse ikuonetsani kuti ndi angati anasankha A, angati B. Mungathe kutsanulira zonse mu Google Sheets ndi kutsatira mwana mmodzi kuchokera tesiti yoyamba mpaka yomaliza. Mphunzitsi wochonga ndi bolopeni yofiira angataye usiku wonse kuti aone zimene makina amuonetsa mu sekondi imodzi. Ngati ana 40 pa 60 asankha yankho lolakwika limodzimodzi pa funso la ma fraction, sikuti ana 40 ndi mbuli. Pali chinthu chimodzi chimene anamva molakwika, mwina kuchokera pa bolodi pomwe, ndipo phunziro la Monday lapezeka kale. Ngati funso lina aliyense walakwa, ngakhale ana aja amene salakwalakwa, yang'anani key yanu, mwina cholakwa chili mmenemo.

Ganizirani amayi amene apita ndi khanda ku kiliniki ya under-five. Nesi amuika pa sikelo, alemba kulemera kwake pa khadi. Koma nchito siithera pa kulemba nambala. Ayang'ana mzere: ngati watsika, afunsa kuti mwana adya chiyani, anadwala kapena ai, kenako apereka malangizo. Nesi amene angalembe nambala ndi kuitana wotsatira popanda kuyang'ana mzere tingamutche dzina loipa. Nanga n'chifukwa chiyani tilekerera zomwezo m'kalasi?

Ndidziwa zimene aphunzitsi adzayankha, ndipo yankho lawo lili ndi mphamvu. Maphunziro aulere anadzaza makalasi. Ngakhale boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022, ana m'kalasi akali ochuluka, ena akhala atatu pa desiki, ena pansi. Tiyerekeze mphunzitsi wa makalasi asanu, lililonse ana 70. Ndi mapepala 350. Pepala lililonse likatenga mphindi zisanu, ndi maola opitirira 29 pa tesiti imodzi chabe, kuwonjezera pa kuphunzitsa ndi kulera banja lake. Munthu ameneyu akapeza makina omuthandiza, sindingamuloze chala. Koma onani bwino mfundoyi kumene itifikitsa. Ngati makina akubwezerani maola 29, kodi ola limodzi lokha loyang'ana Responses ndi lalikulu? Chida chinabwera kuti chikuchotsereni nchito ya kuwerenga tiki, kuti mutsale ndi mphamvu ya nchito imene makina sangagwire: kuona pamene mwana wasochera ndi kumubweza. Amene atenga maola onse 29 ndi kuika m'thumba sanathandizidwe ndi teknoloji, wangopeza pobisala.

Zofunika kuchita si zovuta, ndipo sizifuna ndalama. Sankhani kuti mamakisi atuluke pambuyo pakuti mwaona nokha mayankho, osati pamenepo pamenepo. Izi zipha screenshot ndipo zipulumutsa mwana wa "24/10/1964". Sakanizani dongosolo la mafunso ndi la mayankho, batani lake lilipo. Pa yankho lolakwika lembani mawu awiri ofotokoza chifukwa chake, Forms ili ndi malo a zimenezo. Pa tesiti iliyonse ikanipo funso limodzi limene mwana afotokoza ndi mawu ake, muliwerenge ndi maso anu. Mwana amene alibe foni mupatseni pepala mawa lake m'kalasi, popanda kumuchititsa manyazi. Ndipo mamakisi a pa linki akhale a kuyeserera, asalowe mu ripoti ya pa mapeto a temu monga kuti analembedwa pamaso pa woyang'anira.

Chinanso, lekani kujambula Sheet yonse, maina ndi mamakisi ndi manambala a foni, ndi kuiponya mu gulupu ya makolo. Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo ngakhale lamulo likanakhala kulibe, mwana amene wapata 3 pa 20 safunika kuti komboni yonse idziwe asanafike ndi kunyumba.

Kwa imwe anzanga amene mukali pa sukulu, ku sekondale, ku koleji kapena ku yunivesiti kumene ma quiz a pa Moodle ayenda mofananamo: musakhutire ndi nambala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukalandira 11 pa 20, pitani mukafunse mwaulemu kuti, "Ba ticha, mafunso amene tinalakwa ambiri ndi ati? Tingawabwereze?" Mukaona kuti yankho lanu linali lolondola koma makina analikana, jambulani, mukaonetse. Ndipo screenshot ya mnzanu ikafika, kumbukirani kuti 18 yokopera inamiza aphunzitsi kuti topic mwaimva, ndiye sadzaibwerezanso. Mwadzibera nokha phunziro limene munali kufunikira.

Makolo ndi ma head teacher naonso afunse funso limodzi pa miting'i ya PTA: pambuyo pa tesiti ya pa foni, n'chiyani chinasintha m'kalasi? Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndiye kuti sipanachitike tesiti. Ana anangotaya bundle.