Mkuwa ukwere sitima, Lumumba Road apumeko

Ku London, kulikulu la bungwe la IMO loyang'anira sitima zapamadzi, mayiko akhala akukangana za utsi wa zombo zonyamula katundu. Zombozo zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko lapansi. Mu 2023 adagwirizana zoti pofika cha m'ma 2050 utsiwo ukhale utatsitsidwa kwambiri, koma mu October 2025, itakwana nthawi yovomereza lamulo lolipiritsa zombo zoipitsa mpweya, America ndi Saudi Arabia adalimbana nalo mpaka nkhani idakankhidwira chaka china.

Wa ku Kanyama mu Lusaka muno anganene kuti ife nyanja tilibe, zitikhudza bwanji. Munthu ameneyo akaime m'mbali mwa Lumumba Road dzuwa likupendeka. Mathiraki ali mdadada, injini zikungolira pamalo amodzi: wina wa mafuta, wina wa safa wachikasu, ena a mkuwa womangidwa ndi malamba akulowera ku Chirundu kapena ku Kazungula. Amayi ogulitsa vitumbuwa avundikira beseni ndi pulasitiki, koma akapukuta nkhope ndi chitenje, chitenjecho chimada. Katundu wotsika padoko la Dar es Salaam amakhala adakali ndi makilomita pafupifupi 2,000 kuti afike kuno, ndipo gawo limenelo la ulendo ndi lathu. Utsi wake akuupuma ndi ana a ku Matero, George ndi Chawama, osati nthumwi za ku London.

Chondikwiyitsa n'chakuti njira ina tili nayo kale, ndipo lamulo lilipo. Statutory Instrument No. 7 ya 2018 imati 30 peresenti ya katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, simenti, shuga, safa ndi mafuta, aziyenda panjanji. Njanji sinafike ngakhale pafupi ndi gawo limenelo. Eni migodi amati sitima imachedwa, mabogi ndi ochepa, katundu amabedwa panjira. Sakunama. Koma njanjiyo idafika pamenepa chifukwa cha yani? Mu 2003 boma lidapereka Zambia Railways m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia. Mu 2012 Pulezidenti Michael Sata adailanda m'manja mwa kampaniyo, n'kupatsa Zambia Railways madola 120 miliyoni ochokera ku ngongole ya Eurobond. Ngongole za Eurobond zidatipsinja mpaka dziko lidalephera kubweza mu 2020, koma sitima ikuyendabe ngati nkhono. Njanji ya TAZARA, yomwe a ku China adatimangira m'zaka za m'ma 1970, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika kunyanja, lero imanyamula kachigawo chabe ka zomwe idamangidwira. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji idatsegulidwa mu 2010 ndi ng'oma ndi nthungululu, n'kuthera pa Chipata pomwepo, osalumikizana ndi njanji ina ya m'dziko muno. Pamlatho wa Kazungula, womwe udatsegulidwa mu 2021, adayalapo njanji yomwe sitima sinapondepo.

Tsono boma likufuna kuti pofika 2031 tizikumba matani 3 miliyoni a mkuwa pachaka. Thiraki imodzi imanyamula matani pafupifupi 30. Gawani nokha: maulendo 100,000 pachaka, osawerengera mkuwa wa ku Congo wodutsa mwathu muno. Ndipo mkuwa umenewu akuugula kuti apangire magalimoto amagetsi oyeretsa mpweya wa ku Ulaya ndi ku China! Ife chilala cha 2024 chidatiwotchera chimanga m'munda, madzi a m'damu la Kariba n'kutsika kwambiri, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lathunthu, ometa ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga ndi Mtendere n'kungokhala manja lende. Yankho lathu lalikulu ndi kukulitsa msewu wa Lusaka kupita ku Ndola kuti mathiraki achuluke bwino.

Ena ati nanga madalaivala adya chiyani. Funso labwino, koma werengani manambala a mathiraki amtunda wautali, muone kuchuluka kwa a ku Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa. Komanso sitima sidzafika pakhomo pa golosale ya ku Matero kapena mu Soweto Market. Kuchoka pasiteshoni katundu adzafunabe galimoto, ndipo dalaivala wake azigona kunyumba m'malo mogona sabata pamzere wa pamalire ku Nakonde. Ifenso a m'makomboni tisadziyeretse: njira ya sitima ya Njanji, yomwe inkachoka ku Chilenje kufika ku George m'zaka za m'ma 1990, tidamangamo nyumba ndi tuntemba makhansala akuyang'ana.

Mu 2025 kampani ya CCECC idasainira mgwirizano wa madola 1.4 biliyoni wokonzanso TAZARA, ndipo za njanji yopita kudoko la Lobito zikukambidwa tsiku ndi tsiku. Tiombe m'manja sitima ikadzalira. Pakadali pano Unduna wa Zamtengatenga uzitulutsa m'nyuzipepala, mwezi ndi mwezi, matani omwe mgodi uliwonse waika panjanji ndi omwe waika pamsewu. Wosakwanitsa 30 peresenti alipire, ndalamazo zipite pogula mabogi ndi kusintha njanji zowola pakati pa Kafue ndi Kabwe. Aphungu a Kanyama, Matero ndi Chawama akafunse zimenezi m'Nyumba ya Malamulo msonkhano uno usanathe.