Mtsikana akaluza pa bizinesi tisamutseke pakamwa

Mwezi wa Ramadhani ukamapita kumapeto, aliyense amene ali ndi foni amaona zomwe ifenso timaona. Pa status ya WhatsApp pamadzaza zithunzi za ma abaya, mipango, nsapato ndi mafuta onunkhira. Ambiri mwa ogulitsawo ndi atsikana amene anakhala m'makalasi athu omwewa, ena analemba MSCE posachedwapa, ndipo timanyadira. Koma Idi ikadutsa, ena mwa iwo amangozimiririka. Ukafunsa kwawo amangoti, "Anasiya zimene zija." Chimene chinachitika palibe amachitchula. Kukhala chete kumeneku ndi kumene kukutidetsa nkhawa, chifukwa chaka chamawa mtsikana wina adzagwera m'dzenje lomwelo, pamene mkulu wake akulidziwa bwino lomwe.

Teremu yapitayi mmodzi mwa ophunzira athu akale anavomera kudzacheza ndi atsikana a Fomu 4. Anapempha kuti tisalembe dzina lake, ndipo sitilemba. Tinkayembekeza kuti awauza za phindu. Iye anabwera ndi kope lakutha, n'kuwauza momwe anathera mpamba wake woyamba.

Anayamba mu 2023. Katundu ankamugulira mayi wina amene amapita pa basi ku Kariakoo ku Dar es Salaam, n'kubwera naye kudzera pa Songwe. Iye ankajambula, kuika pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama n'kumalandira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Zinkayenda. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika K1,700. Mtsikanayu anali ndi katundu m'nyumba, ndipo anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale. Maganizo ake anali oti, "Ndinagula motchipa, ndikakweza ndiye kuti ndikubera anthu." Makasitomala anamuyamikira kwambiri, katundu anatha msanga. Atafuna kuitanitsa wina, mpamba umene unkagula ma abaya 10 unangokwana 7. Phindu lomwe likanatseka mpatawo linali litapita kale ku ndiwo, ku mayunitsi ndi ku sopo, pakuti ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zinkagona mu foni imodzi. Anawauza atsikanawo kuti mtengo wa chinthu suwerengedwa kuchokera pa zimene unalipira dzulo zokha, umayang'ananso ndalama imene udzafune kuti ubweretse china chonga icho mawa. Aphunzitsi ena tinayang'anizana, chifukwa takhala tikunena zofanana ndi zimenezi pa bolodi osamvedwa. Tsiku limenelo palibe amene anawodzera.

Za akuba a pafoni anangodutsapo. Wina anamutumizira chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti walipira, iye n'kukweza katundu pa basi asanaone yekha ndalama mu akaunti yake. Ndalamayo sinabwere. Zimenezi zinamuchitikira kamodzi ndipo sizinabwerezenso.

Pamene anachedwapo ndi pa ngongole, ndipo apa makolofe tisayang'ane kumbali, nkhaniyi ndi yathu. Amene anamugwetsa kwenikweni sanali akuba osadziwika. Anali azakhali, alamu, amayi a ku mzikiti amene amaswali naye mzere umodzi. Aliyense ankatenga abaya n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndikupatsa mwezi ukatha." Mwana wolemekeza angamukanize bwanji munthu amene anamuona ali kumsana? Angatulutse bwanji cholembera pamaso pa azakhali ake? Sanalembe. Itakwana nthawi yotolera, wina anati anapereka kale, wina anati mtengo sunali umenewo. Chodabwitsa n'chakuti aya yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za nkhani yomweyi, yoti ngongole ilembedwe, nthawi yobweza idziwike, mboni zikhalepo. Ana athu amaiwerenga ku madrasa. Akafika pakhomo, ife tomwe timawachititsa manyazi kuitsatira. Kenako timakhala pakhonde titavala abaya wosalipira n'kumati bizinesi za atsikana sizipita patali.

Panalinso cholakwa chimene chinali chake yekha, ndipo sanachibise. Tsiku lina anaika chithunzi chotenga pa intaneti m'malo mojambula katundu amene anali naye. Nsalu ya pachithunzi inali yokhuthala, yake inali yopepuka. Mayi wina wa kutali atalandira anakwiya, n'kulemba pa gulu la WhatsApp la amayi ambiri. Mtsikanayu anati sabata yonse ankadzitchinjiriza, mpaka anakumbukira nkhani ija ya Mtumiki Muhammad (s.a.w.) amene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chamalonda n'kupeza kuti chapansi chinali chonyowa, nadzudzula wogulitsayo chifukwa chobisa. Anabweza ndalama ndi kupepesa pa gulu lomwelo. Makasitomala ena sanabwererenso.

Tikudziwa kuti makolo ena powerenga izi anena kuti ndi chifukwa chake safuna mwana wawo wamkazi pa malonda a pafoni. Nkhawa yawo sitikuipeputsa. Nambala ya mtsikana ikakhala poyera, amuna opanda ulemu amaimba usiku akunamizira kufunsa mtengo. Izi zimachitika, ndipo zimafuna nambala yapadera ya malonda, nthawi yoyankhira yodziwika, ndiponso mayi kapena mlongo amene akudziwa zomwe zikuyenda. Koma kuluza pakokha si umboni woti mkazi asachite malonda. Mnyamata akapita kunyanja kukapikula usipa, mvula n'kumuwonongera, amalume amamuti, "Ndi mmene zimakhalira, yesanso," mwina n'kumuwonjezera mpamba. Mtsikana akaluza zochepa kuposa pamenepo amamva kuti, "Paja tinanena." Mayi Khadija (r.a.) anali wamalonda wodziwika ku Makka. Katundu wake ankafika ku Sham iye ali kwawo, kudzera mwa anthu amene ankawatuma, ndipo anasankha Mtumiki (s.a.w.) kuti amuyendetsere malonda atamva za kukhulupirika kwake. Timakonda kutchula dzina lake pa maulaliki. Tikanakondanso kuvomereza kuti mwana wathu amene akutumiza katundu pa basi kwa munthu amene sanamuonepo akulimbana ndi funso lomwelo, loti akhulupirire ndani, ndipo nthawi zina adzaphonya.

Manyazi amene timawapatsawa ali ndi mtengo wake. Mtsikana woopa kunena kunyumba kuti mpamba watha amafuna pokwirira msanga, ndipo khomo limene limatseguka mwachangu ndi la katapila. Apo waluza kawiri, wadzimanga ndi chiwongoladzanja chimene sangachithe, walowanso mu riba imene Chisilamu chimaletsa. Tikanamulola kunena poyera tsiku loyamba, sakanafika kumeneko.

Kwa a komiti ya mzikiti tili ndi pempho. Tipatseni malo kamodzi pa teremu, kaya Loweruka kaya pa msonkhano wa amayi, kuti amayi ndi atsikana amene akuchita malonda adzayankhule ndi ana athu. Tisangoitana okhawo amene zawayendera. Tiitanenso amene anagwa, abwere ndi makope awo. Ndipo ngati n'kotheka, komiti iganizire za kathumba ka ngongole yopanda chiwongoladzanja, yolembedwa bwino ndi mboni zake, yoti mtsikana amene wafotokoza momveka pamene analakwitsa athe kuyambiranso.

Kwa inu ophunzira, izi sizikusintha lamulo la sukulu pa za mafoni, ndipo mayeso ndiwo ntchito yanu panopa. Mlendo wathu uja ananena yekha kuti masamu a maperesenti amene ankawathawa ku Fomu 2 ndi amene anakamupeza mu Novembala uja.

Panopa akugulitsanso, katundu wochepa kuposa kale, ndi zithunzi zojambula yekha pakhonde la kwawo. Ali ndi kope latsopano limene aliyense wotenga pa ngongole amasainamo, azakhali ndi alamu omwe. Atsikana a Fomu 4 anapempha kuona kope lakale lija, iye n'kuliyendetsa m'kalasi atapinda mbali ya mayina. Pa tsamba lomaliza panali mizere 6 imene mpaka lero sinadulidwe.